Tsiku Limene Mwaswera Anamana Munthu Moni

Anthu ena amabadwa ndi luso loimba, ena la mpira, koma mtsikana uyu anabadwa ndi moni pakamwa. Bambo ake anali ometa tsitsi, ndipo iye anakulira m'kanyumba kometeramo, pakati pa galasi long'aluka ndi benchi ya odikira. Asanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato ankayenda pa benchipo, mmodzimmodzi, "Mwaswera bwanji, mwaswera bwanji," ngakhale kuli m'mawa. Dzina linachokera pamenepo. Mpaka lero abale ake, anzake a ku yunivesite, ngakhale alonda a kuntchito amangomuitana kuti Mwaswera, iye n'kuyankha.

M'kanyumba momwemo ndi mmene anaona chinthu chimene chinamutsogolera moyo wonse. Munthu akaweramitsa mutu, makina akulira kukhutu, amatulutsa zimene kunyumba kwake sanena. Wina za mwana wosamva, wina za mkazi amene wasiya kuseka. Bambo ake ankangoti "Eee, eee," uku akumeta, munthuyo n'kutuluka atapepukidwa mutu ndi mtima womwe. Choncho Mwaswera atakula anakaphunzira za maganizo a anthu, napitiriza mpaka digiri yachiwiri. Chotsala chinali chaka chimodzi chophunzira ntchito pamanja, pa kachipatala ka ana ndi mabanja awo, kamene anthu amabwera kudzacheza ndi mlangizi n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo.

Ankakhala kwa achemwali ake, ndipo alamu ake sankamupatsa mpata wopuma.

"Ndiye alamu, mabuku onse aja munawerenga kuti muzikasewera zidole ndi ana a eni ake?"

"Inunso tsiku lina mudzabwera," ankatero Mwaswera akupukuta nsapato. "Mpando wanu ndakusungirani, waung'ono wobiriwira."

Zidole zinalipodi. Chipinda chimene anamupatsa chinali kumapeto kwa khonde, moyang'anana ndi mpopi. Munali tebulo lalifupi, mipando ya ana yosiyana mitundu, mipando iwiri ya akuluakulu, makrayoni m'chitini cha mkaka, chidole chopanda mkono umodzi, ndi fani imene inkalira ngati ikudandaula za malipiro. Mwaswera anachikonda chipindacho kuposa chake chogona.

Womuyang'anira, amene onse ankangoti a Supavaiza, anali bambo wamfupi wadazi, wosafulumira pa chilichonse. Ukawafunsa funso ankayamba atsegula fulasiki ya tiyi, kuthira, kupemerera, kenako n'kukubwezera funso lako lomwelo. Sabata yoyamba anamukhazika pansi n'kumuuza malamulo a ntchito.

"Mukakumana ndi banja la kuno kunjaku, kaya mumsewu, kaya m'sitolo, musayambe ndinu kupereka moni. Amene ali nawo angafunse kuti, kodi uyu mumadziwana naye kuti? Ndiye mwaulula za mwana wa eni ake musanatsegule n'komwe pakamwa kawiri. Akayamba okha, yankhani. Akapanda kuyamba, dutsani."

Mwaswera anangoti kukamwa yasa. Iye, kudutsa munthu womudziwa? Mutu wake unakakamira pamenepo, moti mawu otsatira analowa khutu ili n'kutulukira linalo. Chonsecho a Supavaiza ananena momveka bwino, kuti lamuloli uziwauziratu makolo tsiku loyamba, kuti asadzadabwe.

Banja loyamba limene anamupatsa kuti alione yekha linali la mayi wina wosoka zovala ndi mwana wawo wotsiriza, mtsikana wa zaka zisanu ndi zinayi. Amayiwo sankamutchula dzina, ankangoti mzime wanga, mpaka chipatala chonse chinazolowera kuti Mzime. Mwanayu tsiku lina anasanza m'kalasi anzake akuona, iwo n'kuseka. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse m'mimba munkamupweteka, akaona yunifolomu ankanjenjemera, ndipo chaka chonse cha sukulu chinamupita ali pansi pa tebulo la makina a amayi ake, akutola tinsalu. Madokotala anapima m'mimbamo osapezamo kanthu. Anansi anapeza okha matenda ake, ena amati wazungulira mutu, ena amati n'kumulekerera.

Tsiku loyambalo Mwaswera mtima unali m'mwamba kuposa wa mwanayo. Anafotokoza za chinsinsi, anafotokoza kuti iye akadaphunzira ndipo ali ndi womuyang'anira, anagwetsa chitini cha makrayoni, Mzime n'kuseka mobisa. Za moni wa mumsewu sizinamufike n'komwe m'mutu.

Koma ntchito ankaidziwa, zimenezo tisamunamizire. Iye ndi Mzime anajambula makwerero papepala lalikulu, sitepe iliyonse chinthu chimodzi choopsa. Pansi penipeni, kuvala yunifolomu m'nyumba. Pamwamba pake, kuyenda nayo mpaka pa mpopi wa m'dera lawo. Kenako kukaima pageti la sukulu Loweruka kulibe anthu, kenako kukapereka moni kwa aphunzitsi ana ataweruka. Pamwamba penipeni anajambulapo desiki. Mantha anawapatsa dzina loti Bambo Chimimba, nawajambula ndi chipewa ndi mano awiri, ndipo Lachiwiri lililonse Mzime ankabwera kudzanena mmene awagonjetsera sabata imeneyo. Amayi ake poyamba ankakhala pampando chikwama chili pamiyendo, ngati akudikira basi. Patapita miyezi anayamba kuchiika pansi, kenako anayamba kubwera ndi nkhani zawozawo, mpaka tsiku lina anamuyeza Mwaswera m'chiuno ndi maso n'kumuuza kuti siketi yakeyo anaisoka munthu wopanda chisoni.

Panatsala masitepe awiri okha, ndipo sukulu inali pafupi kutsegulira. Aphunzitsi aakulu anali atavomera kumusungira malo Mzime ngati angayambe limodzi ndi anzake teremu imeneyo. Akaphonya, ndiye kuti chaka chachiwiri chapitanso.

Ndiye kunabwera Loweruka lija. Mwaswera analowa m'sitolo yaikulu kukagula sopo wa achemwali ake, ndipo atakhota pa shelefu ya mafuta ophikira anangoti maso gwa ndi mayi wosoka uja. Anali ndi amayi ena awiri, ooneka kuti ndi anansi, Mzime akukankha ngolo. Moni unakwera wokha mpaka pammero. Mwaswera anaumeza, natembenuka msangamsanga n'kuyamba kuwerenga zolemba za pa botolo la mafuta ngati muli mayeso. Sanaone kuti mayiyo anali atayamba kale kumwetulira, akudikira kuti wamng'ono ayambe, monga zikhalira. Sanaonenso kuti Mzime anakweza kadzanja n'kukatsitsa.

Anatuluka m'sitolomo akudzitama. Kunyumba anauza achemwali ake kuti lero wachita chinthu chovuta kuposa mayeso onse a ku yunivesite, ngakhale sakanatha kunena kuti n'chiyani.

Lachiwiri mipando inakhala yopanda anthu. Mwaswera anasongola makrayoni onse, naimba foni, osayankhidwa. Lachiwiri linalo chimodzimodzi, koma ulendo uno foni inayankhidwa. "Tatanganidwa," anatero mayiyo, n'kudula. Mwaswera zinamuwawa kwambiri, ndipo anachita mantha, chifukwa masiku otsegulira sukulu ankayandikira ndipo pepala la makwerero linali lendee pakhoma, masitepe awiri osadindidwa.

Pa nthawi yokambirana ndi a Supavaiza anafotokoza zonse. Anafufuza mawu alionse amene ananena m'chipindamo, kuti mwina anamukankha mwanayo mofulumira.

"Kunja simunakumane nawo?" anafunsa a Supavaiza akutsegula fulasiki.

"Tinakumana, koma musadandaule, ndinatsata lamulo. Ndinawadutsa ngati mtengo."

"Ehe. Ndiye iwo anati bwanji tsiku lija munawafotokozera za lamuloli?"

Fani inalira. Mwaswera anayang'ana chidole chopanda mkono chija, chidolecho n'kumuyang'ananso.

"Sindinawauze," anatero ndi mawu aang'ono.

A Supavaiza sanakalipe. Anapemerera tiyi wawo nthawi yaitali, ndipo mapewa awo ankagwedera pang'ono, moti Mwaswera anazindikira kuti bamboyo akulimbana ndi phwete.

"Pepani," anatero akupukuta m'maso. "Pa ophunzira onse amene ndakhala nawo, amene wathamangitsa banja chifukwa chosapereka moni n'kukhala inuyo. Chabwino. Kunyumba kwawo simungapite osaitanidwa. Nanga mukuona kuti mutani?"

Mwaswera anaimbanso foni masana omwewo, ndipo mayiyo asanadule analankhula mothamanga. "Mayi, ndinakulakwirani m'sitolo muja. Chifukwa chake chilipo koma sichikukwana pafoni. Bwerani mudzandikalipire pamaso."

"Chimenecho ndiye ndingabwerere," anatero mayiyo.

Anabweradi, atavala diresi yawo yabwino, Mzime ali pambuyo. Chikwama chinabwerera pamiyendo. Mwaswera anafotokoza lamulo lonse, chifukwa chake, ndi kuti kulakwa kunali kwake posawauziratu. Mayiyo anamvetsera mpaka kumapeto osaphethira.

"Asisi, mwatha? Tsono mundimvere. Ine chaka chathunthu ndakhala ndikuyenda chowerama. Pampopi anthu akandiona nkhani imasintha. Mchemwali wanga weniweni anasiya kutumiza ana ake kwathu, akuti angatengere. Malo amodzi okha amene ndinkalowa mutu uli m'mwamba ndi muno. Amayi awiri aja ndinali nditawauza kale za inu, kuti kuli mtsikana wina wophunzira, waulemu, amene akumuthandiza mzime wanga. Nditakuonani ndinati, si awo akubwerawo. Inu n'kutembenukira mafuta." Anapuma pang'ono. "Ndinati basi, nayenso tikumuchititsa manyazi. Amatisekerera m'chipinda chifukwa ndi ntchito."

Mwaswera misozi inalengeza, ndipo sanaibise. "Manyazi ayi, mayi. Moni unandifika apa," anatero akuloza pammero. "Ndinatsala pang'ono kutsamwa nawo."

"Ndinaona khosi likugwedera," anatero mayiyo. Anayesa kuumitsa nkhope koma zinakanika, ndipo anaseka mpaka chikwama chinatsetsereka n'kugwa, osachitola. "Anthu ophunzira inu. Kubisa munthu mpaka kumutaya. Safunsa anadya phula, asisi. Mukanangondifunsa."

"Ndiye ndikufunsani lero. Tikakumana kunja, mukufuna ndizitani?"

"Ine mundipatse moni, mokweza, ndi dzanja lomwe. Wofunsa ndimuyankha ndekha. Ndatopa kubisala."

Mwaswera anatembenukira kwa mwanayo, amene nthawi yonseyi ankakonza chipewa cha Bambo Chimimba ndi krayoni yakuda. "Nanga iwe, Mzime? Yankho la amayi ndi la amayi. Lako ndi liti?"

Mzime anaganiza ndithu, krayoni ili pakamwa. "Ndikakhala ndi amayi, muzindipatsa moni, anti. Koma ndikakhala ndi anzanga a kusukulu, musandipatse. Angayambe mafunso."

Akuluakulu awiriwo anayang'anana. Mwanayu analibe mnzake wa kusukulu ngakhale mmodzi, ndipo kwa chaka chonse mawu oti sukulu sankawatchula popanda kugwira pamimba. Palibe anayerekeza kumuuza zimenezo.

"Ndamva," anatero Mwaswera. "Tigwirane chanza."

Masitepe awiri otsalawo sanali ophweka. Tsiku lokayesa kukhala m'kalasi yopanda anthu, Mzime analira pakhomo n'kubwerera, ndipo anachita kubwerezanso. M'mawa wotsegulira sukulu m'mimba munapweteka monga kale, koma anapita nawo m'mimba mowawamo, amayi ake atamuperekeza mpaka pageti. Sabata yoyamba ankaweruka nthawi yopuma. Kenako anayamba kufika mpaka belu lomaliza, ndipo Lachiwiri lawo analisuntha kukhala kamodzi pamwezi.

Chaka cha Mwaswera chinkapita kumapeto, ndipo anali ndi mabanja ambiri tsopano. Lililonse ankaliuza za moni tsiku loyamba, asanakhale n'komwe pansi bwinobwino, mpaka a Supavaiza anamupempha kuti aziyamba wawafunsa kaye mayina. Mayi wosoka uja akakumana naye mumsewu, moni wake unkaimitsa njinga.

Tsiku lina masana Mwaswera anatuluka msanga kuntchito kupita kubanki, ndipo njira yake inadutsa pa sukulu ina ana akuweruka. Khamu la mayunifolomu linadzaza msewu, phokoso ngati msika. Pakati pawo anaona atsikana atatu atakolowekana mikono, akukangana za chingwe chodumpha. Wapakatiyo, sokosi imodzi itagwa, inki ili pachala, ndiye ankalongolola kuposa onse.

Anali Mzime, ndipo naye anamuona Mwaswera. Anamuyang'ana m'maso mwenimweni, nkhope osasintha ngakhale pang'ono, kenako anatembenukira mnzake n'kupitiriza mkangano. Anadutsana pafupi kwambiri moti chikwama cha mwanayo chinakhudza siketi yake.

Mwaswera analuma mlomo n'kuyang'ana kutsogolo, ndipo anayenda mpaka pakona osacheuka. Atakhota anaima, mtima utadzaza chimwemwe chimene sankadziwa koti achiike. Pafupi panali bambo wina wachilendo atakhala pa njinga yamoto, akudikira munthu. Mwaswera anamugwira dzanja ndi manja awiri, namufunsa za kunyumba, za ana, za thupi, mpaka bamboyo anavula chipewa n'kufunsa mwaulemu kuti kodi anakumana kuti.