Mtolo wa Mapepala Osachonga

Ntchito yanga yoyamba ya pamwezi ndinaipeza chifukwa choti tiyi anali atachepa. Mvula ikangosiya, ife othyola aganyu kapitawo amatiuza kuti tikayambe tapuma, adzatiitana masamba akaphukanso. Chaka chimenecho ndinali ndi Tadala kumsana, wa miyezi isanu ndi itatu. Lamulungu lina titaweruka ku kwaya, mayi wina amene amuna awo anali mu komiti ya sukulu anandikokera pambali.

"Amake Tadala, ku sekondale kuja akufuna munthu wokolopa. Pitani mawa, muvale zochapa. Koma pakamwa mukatseke, aphunzitsi sakonda munthu wolongolola."

Sukuluyo ndi yoyendera, ili kumalire a esiteti, kumene minda ya tiyi imathera n'kuyamba ya nthochi. A hedi anandifunsa kuti sukulu ndinalekera pati. Ndinati Sitandade 8. "Zakwana," anatero, "tsache silifuna satifiketi." Anaseka okha, ine n'kuyamba ntchito tsiku lomwelo, sabata yoyamba ya Seputembala.

M'makalasi ankasesa ana asukulu eni ake. Zanga zinali ofesi ya a hedi, labu, zimbudzi ziwiri za aphunzitsi, ndi sitafu, chipinda chimene aphunzitsi amakhalamo akatuluka m'kalasi. Anandipatsa matsache awiri, lofewa la m'nyumba ndi lolimba la panja, chikolopa cha bulangete lakale, kansalu kopukutira matebulo, ndi ndowa ziwiri: yofiira ya ku chimbudzi, yabuluu ya mu ofesi, zosasinthanitsa ngakhale utafulumira bwanji. Mu sitafu uyambe wawaza madzi pansi usanasese, apo ayi fumbi la choko limauluka n'kukagwera pa matebulo amene wapukuta kale. Pokolopa umayambira ku ngodya ya kutali n'kumabwerera cham'mbuyo mpaka pakhomo. Lachisanu umapaka polishi, kudikira aume, n'kukwecha ndi burashi. Nthawi ikamakwana 10 koloko ketulo ikhale itawira pa mbaula, makapu ali pa thireyi.

Lamulo lalikulu anandiuza ndi a deputi, Mayi Gondwe, ochokera kumpoto, munthu wosaseka pafupipafupi. "Pepala lililonse lili pa tebulo la mphunzitsi, ngakhale lioneke ngati lokulungira mandasi, musalitaye. Nyamulani, pukutani pansi pake, bwezeretsani momwe linalili."

Lamulo limeneli ndi limene linandiphunzitsa sukulu. Munthu wonyamula milu ya makope m'mawa uliwonse amadziwa mulu umene ukuchepa ndi umene wamera mizu. Wa Mayi Gondwe sunkagona masiku awiri, ndipo mu bini yawo ndinkapezamo zolembera zofiira zotha inki. Aphunzitsi ambiri anali otero, ena ochedwerapo pang'ono. Koma panali mmodzi wa masamu a Fomu 3, dzina lawo ndilisiye. Ana ankangowatcha a Mawa, chifukwa ukawafunsa za kope lako yankho linali lomwelo: "Mawa."

M'kalasi imeneyo munali Edina. Amayi ake tinkathyola tiyi gulu limodzi, ndipo ndinkamudziwa kuyambira akuthamanga wopanda nsapato ku malaini, nyumba za antchito a esiteti. Temu yoyamba anajomba pafupifupi mwezi, amayi ake atagonekedwa m'chipatala, ndipo pa mayeso anali kumchira. Temu yachiwiri, nthawi ya mvula imene anzake ena anasiya sukulu kukathyola tiyi, iye anayamba kukhala kuseri kwa labu, pamene ndinkatsukira makapu, n'kumawerenga pa buleki yonse. Nthawi zina ankanditsegulira kope. "Anti, taonani." Zolembedwazo sindinkazimva, koma matiki ofiira ndinkawaona akuchuluka, zothetha zikuchepa. Masamu ankawapeza kwa mnzake wa Fomu 4, poti kope lake la masamu linali pa tebulo la a Mawa. Temu yachitatu ndinamva aphunzitsi awiri akumutchula akumwa tiyi, akuti kamtsikana kaja kadzuka.

Sukuluyo inali ndi lamulo lakuti wolephera Chingerezi kapena masamu pa mayeso omaliza a Fomu 3 abwereze kalasi. Edina ankadziwa kuti kwawo mawu akuti kubwereza kulibe.

Mayesowo analemba mu Julayi. Mapepala a masamu anabwera mu sitafu atamangidwa ndi chingwe cha saka, n'kuikidwa pa tebulo la a Mawa. Pamwamba penipeni panali la Edina, poti iye ankapereka pomalizira, belu litalira kale. Mawa lake a Mawa anaikapo kapu ya tiyi, inasiya chizindikiro chozungulira pa dzina lake. Tsiku lotsatira chinanso. Sabata itatha panali khoko la nthochi, kenako ndinayamba kupeza mphemvu zikuthawa ndikanyamula mtolowo, ndi manyi a makoswe m'mbali mwake. Mfundo ya chingwe inali yomwe ija. Ndinkaidziwa, chifukwa mbali ina inali yaitali ngati mchira.

Lachitatu la sabata yotsekera ndinawaona a Mawa akudzaza pepala la malikisi. Miyendo ili pa mpando, akutsutsana ndi anzawo za mpira, dzanja likungotsika ndi mayina. Tiyi wawo asanazizire anali atamaliza. Mumtima ndinati kaya, mwina pali njira ina yochongera imene ife a Sitandade 8 sitiidziwa. Ndinatseka pakamwa monga anandiuzira.

Lachisanu, tsiku lotsekera, kunacha ndi chiperoni, kamvula kowaza ka nkhungu. Makolo anayamba kufika m'mamawa kudzatenga malipoti, ena atavala mapepala a pulasitiki kumutu. A Mawa anandiitana. Chaka chonse sanadziwe dzina langa.

"Mayi wa tsache! Tengani zinyalala izi mukawotche. Zatha ntchito."

Ndinanyamula mtolowo kupita nawo ku dzenje la zinyalala kuseri kwa labu. Machesi atatu anazima, mapepala anali atanyowa ndi nkhungu. Ndinati ndimasule kuti ndiziwotcha ochepaochepa. Mfundo inali italimba, ndinachita kuluma ndi mano.

Pepala la Edina linali la masamba anayi odzaza mbali zonse, mizere yojambula ndi rula, manambala ofufuta n'kulembanso. Inki yofiira panalibe. Ndinatsegula la mwana wachiwiri, palibe. Lachitatu. Ndinakhala pa njerwa, Tadala akundikoka duku, n'kutsegula limodzilimodzi mpaka lomaliza. Mtolo wonse unalibe tiki ngakhale imodzi, ngakhale kadontho. Ndatsuka zimbudzi za anthu akuluakulu amene sadziwa kuthira madzi, koma nyansi zimene ndinaona pa njerwa paja zinali zina. Chimbudzi ukachitsuka chimayera.

Ndili pomwepo ndinamva anthu akubwera cha kuseri kwa labu. Anali Edina ndi amayi ake, akulankhula Chilomwe motsitsa kuti aphunzitsi asamve. Lipoti linali m'manja mwa mayiyo, litanyowa.

"Kubwereza? Msana wanga uwu uwerame chaka chinanso chifukwa cha ulesi wako? Basi, zakwana. Disembala utenge dengu, tizikathyola limodzi."

"Amayi, ndinalemba ine. Ndinayankha onse."

"Ndiye aphunzitsi akunama? Munthu wopita ku yunivesite anamizire iwe, kuti apezepo chiyani?"

Pa lipotipo, pa masamu, panali 21, pambali pake mawu a Chingerezi amene ndinamva Edina akumasulira amayi ake akulira: waulesi, abwereze.

Sindinama, ndinaganiza za ntchito yanga. Ndinaganiza za phala la Tadala, ndi mawu aja akuti pakamwa mukatseke. Machesi anali m'manja. Koma pepala la mwanayo linali pa ntchafu panga ndi zizindikiro za kapu pa dzina lake. Ndinaika mapepala onse mu ndowa yabuluu, n'kuvundikira ndi chitenje.

"Amake Edina, musachoke. Khalani pa khonde apo, ndikubwera."

Mu ofesi ndinapeza a hedi akusaina malipoti, Mayi Gondwe akudinda. Ndinagwada pakhomo, n'kuvundukula ndowa.

"Pepani bwana, andituma kuti ndiwotche awa. Koma ndaona ngati sanachongedwe."

A hedi anavula magalasi. "Mwakhala insipekitala liti, mayi? Masamu a Fomu 3 mumawadziwa inu?"

"Sindiwadziwa, bwana. Koma ndapukuta pansi pa mtolo uwu masabata awiri, sunamasulidwepo. Ndipo inki yofiira ndimaidziwa. Ku esiteti kalaliki salemba makilo dengu lisanakwere pa sikelo."

Mayi Gondwe anasiya kudinda. Anatenga ndowa, n'kukhuthulira mapepala pa tebulo, pomwe ndinapukuta m'mawa, n'kuyamba kuwayerekeza ndi pepala la malikisi. Anaima pa dzina lina.

"A hedi, mnyamata uyu anapita ku Joni mu Febuluwale. Apa wapeza 64."

Anawaitana a Mawa. Ndinkayembekeza kuti achita manyazi, mwina anena kuti anadwala kapena anasokoneza mitolo. Ayi ndithu. Analowa manja ali m'thumba, n'kuyang'ana mapepalawo ngati akuyang'ana makoko a nthochi.

"Ana awa ndimawadziwa ine. Sindisowa pepala kuti ndidziwe mbuli. Mwana amene temu yoyamba anapeza 20, mukufuna lero apeze zingati? Ambiri awa akathera m'tiyi momwemu." Kenako anatembenukira kwa ine. "Ndiye tsopano tiziyankha kwa tsache?"

Ndinangoyang'ana nsapato zawo. Zinali zonyezimira, ndipo matope ake ndinkakolopa ndine.

Mayi Gondwe anatulutsa cholembera chofiira m'chikwama, n'kuitana mphunzitsi wina wa masamu, wa Fomu 4. Anayamba ndi mapepala a ana asanu ndi awiri amene analembedwa kuti abwereze. Ine anandiuza kuti ndikawiritse tiyi wina. Pamene ndinkabwera ndi thireyi, pepala la Edina linali lofiira ndi matiki, ena odutsa pa zizindikiro za kapu zija. Pamwamba panali 58. Mwa ana asanu ndi awiriwo, asanu anali atakhoza.

A hedi analemba lipoti lina, n'kuitana amake Edina. Ndinali pomwepo ndikutolera makapu.

"Mayi, pepani, kompyuta inalakwitsa pang'ono. Mwana wanu wakhoza, apita Fomu 4."

Mayiyo anagwada n'kuwomba m'manja. "Zikomo bwana, Mulungu akudalitseni." Ankathokoza munthu amene ola limodzi lapitalo ankafuna kundithamangitsa pakhomo ndi ndowa yanga. Edina sanathokoze. Anayang'ana ine, kenako ndowa, n'kutuluka.

Ana atatu okha mwa asanu aja ndi amene anali adakali pasukulu. Awiri anali atanyamuka kale ndi makolo awo, ulendo wa kwa Nsabwe, malipoti abodza ali m'thumba. A hedi anati awalembera makalata. Kaya analembadi, sindikudziwa. Chimene ndinamva kwa Edina n'chakuti mu Seputembala awiriwo sanabwerere, ndipo mmodzi anakwatiwa chaka chisanathe.

Masana ake kunali kaphwando ka aphunzitsi. A hedi anaimirira n'kunena kuti chakachi chayenda bwino, ana apita patsogolo chifukwa cha kudzipereka kwa aphunzitsi onse. Onse anawomba m'manja, kupatula Mayi Gondwe amene ankangosenda nthochi. A Mawa anadya ntchafu ziwiri za nkhuku. Mafupa ake anasiya pa tebulo, pamalo pomwe panali mtolo paja, ndipo ndinachotsa ndine.

Kumapeto kwa mwezi a hedi anandiitana. "Komiti yaona kuti ana asukulu akhoza kumakolopa okha mu sitafu. Simunalakwe chilichonse, mayi, musaganize zambiri." Ndinabweza matsache, burashi ndi ndowa ziwiri, zonse zotsuka. Mayi Gondwe anandiperekeza mpaka pa geti, chinthu chimene sindinawaonepo akuchitira munthu. Anangoti, "Mwana wanuyo akadzayamba sukulu, muzidzatsegula kope lake." A Mawa adakali pasukulupo mpaka lero, ndimakumana nawo pa msika wa Goliati akusankha tomato mosamala, kumufinya mmodzimmodzi.

Disembala mvula itagwa ndinabwerera ku tiyi, mzere woyandikana ndi amake Edina. Dengu limene anati adzapatsa Edina linakhala lopachika. Edina analowa Fomu 4, analemba mayeso aboma, n'kukhoza, ndi masamu omwe. Amayi ake mpaka pano amakhulupirira za kompyuta, ndipo sindinawatsutse. Akanadziwa kuti anatcha mwana wawo waulesi chifukwa cha munthu amene sanamasule n'komwe chingwe, sindikudziwa kuti akanagona bwanji.

Anthu amandifunsa ngati ndimadandaula kuti ndinataya ntchito ya pamthunzi n'kubwerera ku mame ndi minga. Masiku ena msana ukamapweteka ndimadandaula. Koma chimene ndinatengako n'chakuti nambala yolembedwa pa pepala la sukulu imatha kukhala yabodza ngati mawu a munthu woledzera, ndipo ife osaphunzira timaigwadira chifukwa ili ndi chidindo.

Tadala ali Sitandade 2 tsopano. Akaweruka, asanavule yunifomu, ndimati bweretsa kope. Zimene akuphunzira panopa ndimazimva, koma zaka zikubwerazi adzandipitirira. Zilibe kanthu. Ndimanyowetsa chala, n'kutsegula tsamba ndi tsamba, kufuna inki yofiira. Masiku atatu akadutsa osaipeza, ndimavala chitenje chochapa n'kupita kukagogoda pa sitafu.