Bambo aona mtundu wa nyumba yawo

Moni nonse.

Dzulo Lachiwiri cha m'ma 10 koloko m'mawa, adokotala anachotsa bandeji padiso la bambo lomwe analichita opaleshoni ya ng'ala. Akuona bwino, kungoti kuwala kukuwathobwa m'maso.

Titafika kunyumba ku Highfield, anaima pageti n'kuvula magalasi akuda.

"Ndani wapaka nyumba yanga pinki?"

Mayi anati, "Ndinu. Penti munakagula nokha ku Machipisa, n'kumati ndi kirimu."

"Zaka zonsezi osandiuza?"

"Mumamva za munthu inu?"

Tsopano akufuna kukwera makwerero kuti apakenso okha, chonsecho adokotala awaletsa kuwerama ndi kunyamula zolemera.

Lero m'mamawa ndakabisa makwerero kwa aneba. Koma suti yawo yakutchalitchi, yomwe mtundu wake anasankhanso okha, sanaionebe. Tiwauziretu, kapena aione okha Lamlungu?