Chitini cha mawaya m'munda wa chinangwa

Ine ndinabadwa nkhondo itatha, makolo anga atabwerako kale ku Malawi komwe anathawira. Nkhondoyo ndinkangoiona pa abambo anga. Ankayenda maso ali pansi, ndipo sankalola mwana aliyense kutola chitsulo chopezeka patchire. Amayi ndi amene anandiuza chifukwa chake nditasinkhukirapo. Chaka chomwe anabwerera kwathu, kufupi ndi tauni ya Insaca, abambo ndi mng'ono wawo anapita kukaswa mphanje pamunda wakale. Khasu la mng'ono wawoyo linagunda mina, bomba lija asilikali ankakwirira m'nthaka. Abambo anachita kumutolera m'thumba la chimanga.

Nditafika kusekondale ku Insaca, fizika, phunziro la sayansi, inkandizunza. Aphunzitsi athu anali ndi choko basi. Ankajambula mota pabolodi n'kutiuza kuti imazungulira, ife n'kumangovomera. M'kalasi mwathu munali mnyamata wina wa kunyanja ya Amaramba, mwana wa msodzi, wofatsa zedi, amene ankakhala kwa azakhali ake kuti sukulu imuyandikire. Anali ndi foni yosweka galasi, ndipo ndi amene anandilowetsa m'gulu lina la pa intaneti, momwe ophunzira ndi aphunzitsi a kutali ankathandizana fizika. Tinkajambula funso n'kutumiza, mawa lake n'kupeza mayankho, ena m'Chipwitikizi, ena m'Chinyanja cha ku Malawi. M'gululo munali mayi wina wophunzitsa ku Nampula amene sankafulumira kutipatsa yankho. Ankati tiyambe tagwira ndi manja athu.

Mayiyo ndi amene anatiuza kuti mota tingaipange tokha. Pankangofunika mapilya, omwe ndi mabatire a mu wailesi, waya wa kopa, ndi maginito. Mnzangayo anagulula maginito pa sipika yakufa, ine ndinatenga mapilya mu wailesi ya abambo amayi atandilola. Loweruka lina tinakhala kuseri kwa nyumba yathu, m'mphepete mwa munda wa chinangwa. Mapilya tinawaika m'chitini cha dzimbiri, ndipo poti chinkagwedera, tinachizika pang'ono m'dothi, mawaya ali kunja. Tinavutika nacho mpaka dzuwa linafika paliwombo. Kenaka kawaya kopindapinda kaja kananjenjemera n'kuyamba kuzungulira. Mnzanga anatulutsa foni kuti ajambule tiwatumizire a m'gulu aja.

Sindinawamve abambo akubwera kuchokera kumunda. Ndinangomva chinthu cholemera chikundigwera n'kunditayira patali. Anali iwo. Anandipanikiza pansi ndi thupi lawo lonse, nkhope yanga itamira m'dothi, ndipo dzanja langa lamanja linathyokera pansi pawo. Sanakuwe. Ankangopuma mwaphuma, kudikira kuti chiphulike.

Chitapanda kuphulika anadzuka. Anaona mnyamata wachilendo atagwada pa chitini chokwiriridwa, mawaya ali m'manja. Anatola khasu lawo n'kumukwapula ndi mpini pambali pa mutu. Mnzanga anagwa chammbali. Anamumenyanso m'nthiti, kenaka pamsana. Mayi wina woyandikana nafe, amene naye anabwerako ku Malawi, ataona chitinicho anafuula kuti mina, mina. Amuna anathamangira kwathu. Palibe anafunsa kanthu. Wina anati mnyamatayo wachita kutumidwa, ndipo mawu amenewo anakwanira. Anamukokera kutali ndi chitinicho n'kuyamba kumuponda, wina ndi nsapato, wina ndi chikuni. Foni anaiphwanya ndi mwala poganiza kuti ndiyo yophulitsira. Mnzangayo ankangonena kuti ndi za kusukulu, magazi akutuluka m'kamwa ndi m'khutu. Ine ndinkakuwa zomwezo, koma mawu anga ankamira m'phokosomo.

Amayi anali kuchitsime. Atafika anataya ndowa, napita molunjika pa chitini chija n'kuchizula ndi manja. Analowa nacho pakati pa amunawo, ndipo onse anabalalika, ena mpaka kugwa m'mizere ya chinangwa. Anachikhuthula patsogolo pa abambo.

"Taonani, bambo. Mapilya a mu wailesi yanu awa. Ndinamupatsa ndine."

Abambo anayang'ana mapilyawo kwa nthawi yaitali. Kenaka anakhala pansi. Amuna aja anayamba kuchoka mmodzimmodzi, aliyense ngati sanalipo. Abambo atadzuka anamunyamula mnzanga n'kumukhazika panjinga, namumangirira kumsana kwawo ndi chitenje cha amayi, ulendo wa kuchipatala ku Insaca. Ine ndi amayi tinatsatira wapansi, dzanja langa litakolekedwa pa mpango.

Mnzanga anathyoka nthiti, mano akutsogolo anachoka, ndipo khutu lakumanzere linasiya kumva mpaka lero.

M'mawa mwake bambo ake anabwera kuchokera ku Amaramba ndi abale awo, chikwanje chili m'manja. Amayi anapempha abambo kuti abisale, iwo anakana. Anatuluka n'kuima pabwalo, manja ali kumbuyo. Msodziyo anawamenya ndi mbali yosathwa ya chikwanje pankhope ndi pamapewa mpaka khungu linang'ambika, abambo osatchinga ngakhale kamodzi. Atatopa anafunsa kuti mwana wake analakwa chiyani. Amayi ndi amene anafotokoza za mng'ono wawo ndi munda wakale uja. Msodziyo anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati:

"Inu munathawa, achimwene. Ife tinatsala konkuno, tinaziona zonsezo ndi maso. Koma sindinamenyepo mwana wa munthu."

Anakwera njinga zawo n'kumapita.

Mnzanga anabwerera kusukulu patapita miyezi. Ankakhala kutsogolo, khutu labwino ataloza kwa aphunzitsi. Kwathu sanapondekonso, koma sanandikwiyire. Tinapitiriza kutumiza mafunso kugulu lija pa foni ya mtsikana wina wa ku Entre Lagos, ine ndikulemba ndi dzanja lamanzere mpaka lamanja litapola. Zomwe zinachitika sitinawauze a m'gululo. Mayeso tinakhoza tonse awiri, ndipo iye masiku ano amakonza mainjini a maboti kwawo kunyanja.

Abambo sanandipepesepo, ndipo nkhaniyi sitinaikambepo ine ndi iwo. Koma chaka chilichonse tikakolola ankamanga thumba la chimanga panjinga n'kupita nalo ku Amaramba. Amayi ankati msodziyo ankalandira chimangacho koma sankawapatsa mpando. Abambo ankatsitsa thumbalo pakhomo, kupereka moni, n'kubwerera tsiku lomwelo. Anachita zimenezi mpaka miyendo yawo inaleka kupalasa njinga.