Ndinapita ku boma kukapopetsa bondo

Boti linanyamuka pagombe la kwathu 5 koloko m'mawa, ine nditakwiya kale. Ndine wosema mabwato. Moyo wanga wonse ndagwada m'kati mwa zipika nsompho ili m'manja, monga ankachitira bambo anga. Ndiye mwezi wathawu, pansi penipeni pa bondo lakumanja, panatuluka chotupa ngati dzira la bakha. Chofewa, ukachidina chimathawira kumbali. Kugwada kunakanika. Pomwepo chipika ndinali nditachisema theka, ndipo chipika ukachisiya chosatha padzuwa chimang'aluka, chimasanduka nkhuni.

Ine nzeru ndinali nayo. Madzi akalowa m'bwato timakapa. Ndinati nditenthe kachitsulo koboolera pomata zigamba, ndiboole chotupacho, madzi atuluke, mawa ndigwade. Mkazi wanga nyaLongwe anabisa kachitsuloko. Akuti ndikakaona ndikabwerako kuchipatala. M'nyumba mwanga momwe.

Kukwera boti K5,000, kukhala pa thumba la usipa. Mwendo ndinautambasula. Mayi wina wonenepa pafupi nane anayamba, kundiitana ada monga timaitanira abambo kwathu.

"Ada, boti mwagula lonse?"

Ndinakweza buluku, ndinamuonetsa.

"Aa, chimenecho. Inenso ndinali nacho. Ndimakolopa ndi kupaka polishi ku loji, tsiku lonse chogwada."

"Tachionetseni tifanizire."

"Ndine mkazi wa mwini, ada. Mungokhulupirira."

Boti lonse linaseka. Ine sindinaseke, koma mutu unayamba kugwira ntchito. Mayiyu salowa m'nyanja. Nanga madzi a m'bondo mwake anachokera kuti? Ine ndinkati anga analowa chifukwa chokhalitsa m'chinyezi. Kuyambira pamenepo ndinangoyamba kuyang'ana maondo a anthu. Wokapa madzi m'boti, maondo owuma ngati ndodo. Woyendetsa injini, chimodzimodzi. Anthu oti amanyowa tsiku lililonse.

Tinafika padoko 8 koloko itadutsa. Onyamula katundu kukankhana, wina kundiponda chala, ndinamuuza za kwawo. Cha kumbali anthu atatu ankakonza boti lamatabwa, atalikweza pa migolo, iwo ali chiimire. Ndinalavula. Zinandikumbutsa Manda, mnzanga wosema wa kwathu, wamng'ono kwa ine. Iyeyo chipika amachikweza pa ziphanda, kuchipendeketsa, n'kumasema ataima. Ndinamunena pagulu kuti sasema, amasita zovala. Anthu mpaka lero amamuitana Wosita. Chiyambire sitilankhulana bwino.

Ndinadya chinangwa chokazinga cha K500 ndi tiyi pafupi ndi msika, kenako wa kabaza wa njinga yamoto anati K3,000 kukafika kuchipatala.

"Akulu, pindani mwendowo, tikola nawo mbuzi."

"Ukanapindika ndikanakwera chinthu chakochi?"

Anangoyendetsa. Chitunda chotuluka m'tauni anachikwera bwino, ndisaname.

Pamzere ndinakhala mpaka 11 koloko. Amene anandiona ndi dokotala wamkazi, msinkhu wa mwana wanga woyamba. Ndisanakhale n'komwe ndinamuuza.

"Ndabwera kudzapopetsa. Tengani jakisoni mukoke madziwa, ndili ndi ntchito."

"Khalani kaye, bambo. Mumapemphera kwambiri chogwada?"

Ine kutchalitchi ndinasiya kalekale, nkhani yake ndi ina. Ndinati, "Mukundinyoza?"

"Ayi. Chotupa cha malo amenewa chimakonda anthu ogwada. Ntchito yanu ndi chiyani?"

Ndinamuuza. Anagwira chotupacho ndi kuseri kwa dzanja, n'kugwiranso bondo linalo. Anafunsa ngati ndikumva malungo, ngati panali bala, ngati pafiira. Anandipinditsa mwendo, kuuwongola. Ndinafunsa kuti dzanja la kuseri n'lachiyani. Anati akumva ngati pakutentha.

Kenako anajambula papepala. Akuti pansi pa fupa lozungulira la bondo pali mtsempha wolimba wotsikira ku msongolo, ndipo pamenepo pali kathumba kakang'ono, kophwatalala, kokhala ndi timadzi toterera. Ntchito yake n'kuti khungu, mtsempha ndi fupa zisakhulane. Aliyense ali nako.

"Ngakhale inu?"

"Ngakhale ine. Ukagwada pa chinthu cholimba tsiku ndi tsiku, kathumbako kamapsinjika, kamatupa, kamapanga madzi ambiri. Si a m'nyanja. Thupi lanu lomwe likupanga."

"Ndiye popani."

"Bambo, bwato likamalowa madzi inu mumangokapa?"

"Timakapa, tikafika kumtunda timamata."

"Ndikapopa lero, mawa mugwada, mkuja adzaza. Komanso singano ikalowa imatha kutsegulira majeremusi njira. Timapopa pakafunika, makamaka tikaganiza kuti m'kati muli mafinya. Kwa inu sindikuona zimenezo."

Ndiye ndinamuuza za kachitsulo kanga kotentha kaja. Anaika cholembera pansi.

"Anakuletsani ndani?"

"Mkazi wanga."

"Mukawathokoze. Mukanabwera kuno mwendo wonse utatupa, tikanakugonekani."

Anandimanga bandeji, osati yothina kwambiri. Anandipatsa mapiritsi ochepetsa kutupa, omwa nditadya. Akuti pokhala mwendo ndiziukweza pampando, ndiziikapo chinthu chozizira chokulunga m'kansalu kanthawi pang'ono, kangapo patsiku. Pakafiira, pakatentha, kapena malungo akabwera, ndibwerere tsiku lomwelo osadikira boti lotchipa. Ndipo kugwada ayi, kwa masabata angapo. Chikaphwa, ndiziyala chinthu chofewa pansi pa bondo.

"Masabata? Chipika changa ching'aluka."

"Palibe njira yosemera osagwada?"

Ndinati palibe. Ndinanama, ndipo ndinadziwa kuti ndikunama.

Pobwerera kudoko ndinagula mafilizesi awiri owuma gwa kwa mayi wina wa kumsika. Limodzi ndinalikulunga m'mpango n'kuika pabondo. Mayiyo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Ada, timamwa zimenezo."

"Ndalipira. Bondo likumwa."

Boti lobwerera linali la 2 koloko, ndiye ndinali ndi nthawi. Ndinapita kwa anthu a migolo aja. Ndinaima, kuyang'ana. Wamkulu wawo ndi wachikulire kuposa ine, imvi mbuu, koma anatsika pamwala n'kukweranso ngati mbuzi. Ndinamuyang'ana maondo. Osalala. Ndinamufunsa kuti anayamba liti kukweza maboti chonchi. Anati chiyambire pomwe msana unamuuza. Sindinafunsenso china. Filizesi lachiwiri ndinamwa.

Tinafika kwathu cha m'ma 5. Njira yopita kunyumba kwanga imapita kumanja. Ndinapita kumanzere. Manda ndinamupeza ali chiimire pachipika chake, tizibanthu ta mtengo tili mbwee pansi.

"Manda."

"Ada."

"Ziphanda zakozi unadula mtengo wanji?"

Anayang'ana bandeji, anayang'ana ine. Kuseka kunkafuna kutuluka.

"Mwabwera kudzaphunzira kusita, ada?"

Mawu anafika pakhosi, ambiri ndithu, onunkha. Ndinakumbukira chipika changa chili padzuwa. Ndinawameza.

"Eya. Ndabwera kudzasita."

M'mawa mwake anabwera ndi ziphanda zake zomwe, tinakweza chipika anthu anayi. Kusema utaima kumapweteketsa mapewa, asakunamizeni, ndipo nsompho imagwa mwachilendo masiku oyamba. Koma bwato latha, silinang'aluke, ndipo dzira lija latsala ngati la njiwa. Ndinawononga tsiku lonse ndi maboti awiri kuti mwana wa sukulu andiuze zomwe zinali kuseri kwa nyumba yanga zaka zonsezi. Chimene chimandipsetsa mtima ndi chimenecho.

Kachitsulo kaja nyaLongwe wandibwezera. Kanali pansi pa mphasa, mbali yomwe ndimagona ine.