Kachewere Anafika Ine Ndisanafike

Patchuthi cha chaka changa choyamba ku koleji ya zaudotolo, ndinalengeza m'tchalitchi kuti ndidzayenda wapansi kuchokera ku Ntengo-Wambalame mpaka ku Tsangano. Ndinapempha kuti wondichirikiza aliyense apereke kangachepe kogulira malata a sukulu ya kwathu, imene denga lake linasasuka ndi mphepo. Chimene sindinachiganizire, ndi maphunziro anga onsewo, n'chakuti inali nyengo yokumba kachewere, ndipo kwathu munthu amapereka chimene chili m'manja mwake.

Ndisanapite patali, mayi wina anandiimitsa m'mphepete mwa munda wawo. "Mwanawe, landira za malata!" Ndinanjuta n'kulandira kachewereyo ndi manja awiri, pakuti mphatso ya munthu wamkulu sikanidwa. Ena ataona zimenezo anachitanso chimodzimodzi. Pofika masana ndinali nditasenza thumba lodzaza, khosi likunjenjemera.

Bambo wina wa mota, njinga yamoto, anaima pambali panga. "A dotolo, mwayamba geni? Kwerani!"

"Pepani bambo, ndinalonjeza pamaso pa mpingo kuti ndiyenda wapansi."

"Nanga kachewereyu analonjezanso?"

Ndinatula katundu wanga. Thumba linakwera mota, ine ndinatsala ndi fumbi.

Ndinafika ku Tsangano ndikutsimphina, mawu othokoza ndili nawo okonzeratu. Aphunzitsi a sukuluyo amene ankandidikirira pamsika anali atagulitsa kale kachewere yense n'kugula malata oyamba. Anandigwira chanza mwachangu, nati, "Mwachita bwino kufika. Timasowa wotinyamulira malatawa kukafika pokwerera minibasi ya chapa."