Dzina la Bambo M'kati mwa Nyimbo

Situdiyo yathu ya pa Golomoti tinaiyamba ine ndi achimwene anga matipate atangobwera, m'kachipinda kuseri kwa chigayo. Chigayo chikalira, ife timapuma. Tinaitcha dzina la malemu bambo athu, amene anali katekisiti, ndipo dzinalo timalidinda pachikuto cha kaseti iliyonse. Achimwene amajambula, ine mlongo wawo ndimayenda ndi chikwama kukagulitsa ku Mua ndi ku Mtakataka. Oimba athu anali makwaya okhaokha.

Kenako kunabwera mamemole khadi. Munthu amangopita kwa anyamata owotcha nyimbo, n'kumuikira ntchito yathu yonse m'kanthu kochepa ngati chikhadabo. Chikuto palibe, dzina la bambo palibenso. Tsiku lina m'minibasi ndinamva kwaya yomwe tinajambula ife ikuimba, kondakitala n'kumauza anthu kuti imeneyo ndi ya ku Lilongwe. Ndinapsa mtima mpaka ndinatsika ndisanafike.

Ndi masiku omwewo pamene mnyamata wina wosoka nsapato pamsika anabwera kuti timujambule rapu. Achimwene sanamulole n'kukhala pansi komwe.

"Kuno timajambula oimba, osati olongolola."

Ine ndinamutsatira panja kuti ndimve zolongololazo. Nyimbo yake inali ya madzi osefukira amene anakokolola chimanga chawo kudambo, ndipo mawu ake anali ogwira mtima. Koma chimene chinandiimitsa ndi nyimbo za ena zimene anandimvetsa pafoni. Iliyonse isanayambe, pamamveka mawu otchula dzina la situdiyo. Anandiuza kuti a rapu amatero, dzina limakhala m'kati mwa nyimbo, wowotcha sangalimatule.

Ndinawauza achimwene tsiku lomwelo. Anati dzina la katekisiti silingamakuwidwe ngati oitanira minibasi. Ndinawayankha kuti walira mvula walira matope, ngati tikufuna dzinalo limveke tilole likamveke ngakhale kumene sitikukonda. Tinakangana dzinja lonse. Iwo ndi ouma mutu, koma tinayamwa bere limodzi.

Akapita kumunda, ine ndimatsala ndi kompyuta, kuphunzira ndekha, kulakwitsa, kufufuta. Nditaizolowera ndinamuitana mnyamata uja n'kumujambula. Dzina la bambo ndinalitchula ndekha. Mawu anga anatuluka aang'ono, othamanga, ngati ndikuingitsa nkhuku pamphasa ya mphale. Sindinasamale, ndinati lituluka chomwecho.

Achimwene anatipeza tikumvetsera. Anaima pakhomo matope ali m'miyendo mpaka nyimbo inatha. Ndinali nditakonzekera kale ndewu.

"Achemwali, bambo mungawatchule chonchi? Tapatseni kuno."

Anaima pa maikolofoni, natchula dzinalo pang'onopang'ono monga amatchulira maina a omwalira pa Misa. Pothera pake mawu ananjenjemera. Anatembenukira kukhoma, nati ndifufute abwereze bwino. Ndinawauza m'maso muli gwa kuti chigayo chatsala pang'ono kulira, nthawi yobwereza palibe.

Makwaya ena anatithawa atamva kuti tayamba rapu, ndipo zinandiwawa. Ena anatsala. Anyamata a rapu anayamba kubwera panjinga kuchokera m'midzi ya kunyanja. Achimwene mpaka lero amati ndi zolongolola, ndipo anyamatawo akamajambulidwa, iwo amapeza chochita panja. Koma nyimbo iliyonse yotuluka m'kachipinda kaja, ya rapu kaya ya kwaya, imayamba ndi mawu awo aja akutchula bambo, ndi kunjenjemera kwake komwe. Sindinawalole kubwereza.