Kalongonda Amene Sanakwere Ndege

Chaka chimene mlongo wanga anali woyembekezera ku Joni, chakudya chilichonse chinkangomubwerera. Pa foni mawu ake ankamveka ofooka, ndipo mtima wake unkafuna chinthu chimodzi chokha: kalongonda, nyemba zija za kwathu.

Amene tinakulira kunsi kwa phiri la Michesi timadziwa kuti kalongonda si chakudya cha munthu waphuma. Amafuna nkhuni zambiri, kuwira tsiku lathunthu, madzi kutaya n'kuthiranso ena, apo ayi amakuzunguza mutu. Mlongo wangayo ankakhala m'kachipinda ka lendi, kuphika kwake kwa pamagetsi, ndiye kumutumizira wosaphika kukanakhala kumunyoza.

Amayi, mzimu wawo uuse mumtendere, atamva kuti ku Blantyre kuli anthu otumiza katundu pa ndege, nkhani inathera pomwepo. "Si ndege imafika tsiku lomwelo? Afika adakali wofunda ameneyu." Ine ndinaseka, koma nkhuni ndinakatola ndithu. Amayi akatsimikiza chinthu, kuwatsutsa kunali kutaya malovu.

Ataphika, m'mawa mwake tinakwera minibasi, chidebe chili pamiyendo pawo atachikulunga ndi nsalu ziwiri. Kondakitala atafuna kuchiika kumbuyo, anangomuyang'ana, iye n'kubweza manja.

Ku ofesi ya katundu, pafupi ndi bwalo la ndege, bambo wa pasikelo analandira mpunga ndi matemba ouma a ku Chilwa zimene tinatenganso. Atatsegula chidebe anapukusa mutu. "Pepani mayi, zophikaphika sitinyamula. Katundu amayamba wadikira malo m'ndege, ndipo akafika uko amakagonanso m'manja mwa ofufuza za pamalire." Amayi anachonderera mpaka kugwada. Zimandiwawabe ndikakumbuka.

Tinakakhala pansi pa mtengo panja, ndipo ndinamuimbira mlongo wanga kumuuza kuti zakanika. Iye anati ndipereke foni kwa amayi.

"Amayi, tsegulani mudye. Ine ndizimva."

Amayi anapukuta misozi, natapa kalongonda n'kuyamba kutafuna, foni ili pafupi ndi pakamwa. "Wapsa bwino, mwanawe. Koma mchere ndiye ndinachulutsa pang'ono." Uko ku Joni kunamveka kuseka, kenaka kulira kwa supuni m'mbale. Anali atatenga phala limene linamukanika kuyambira m'mawa.

"Musasiye, amayi," anatero pakamwa pali podzaza. "Tidyere limodzi."